Vidiyo ya Amós m'makina awiri

Mwamuna wanga Amós atamwalira, mng'ono wake Castigo anayamba kunena kuti munda wa ku Zóbuè ndi wa kwawo. Munda umene ine ndi Amós tinazula zitsa ndi manja athu titabwerako ku Malawi nkhondo itatha! Mlandu unali woti uzengedwe mawa lake m'mawa. Umboni wanga unali umodzi basi: vidiyo ya Amós ali m'chipatala, akunena yekha kuti munda ndi wa ine Ernestina ndi ana.

Amene anajambula vidiyoyo ndi Benvinda, mwini papelariya, sitolo ya mapepala ndi zosindikiza, pafupi ndi msika wa Moatize, ndipo inali m'komputadori yake yakutsogolo. Ine ndinkaifuna pa disko yopita nayo kumlandu, koma komputadori yolemba madisko inali ina, m'chipinda chamkati.

"Ndiye itumizeni kumeneko," ndinatero.

"Ikupita, Dona Ernestina. Iyi ndi Linux, inayo ndi Windows. Zimamvana, koma pamafunika kuzikonza."

"Zikonzeni, mana Benvinda! Ndikwera shapa yomaliza ya ku Zóbuè, ndipo minibasi imeneyo sidikira munthu."

Pagalasi panalembedwa kuti kwatsala maora asanu. Kenako asanu ndi awiri. Ndinamuona Castigo m'maganizo, atakhala pabenchi ndi jekete lake laukwati lija, ine ndikufika chimanjamanja.

Benvinda anasintha izi ndi izo, akudandaula chapansipansi. Maora anatsika kufika anayi. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana chitseko chachitsulo cha chipinda chamkati.

"Watseka ndani apa?"

"Ndine. Mukufuna fumbi la malasha lidye makina amene akusunga mwamuna wanga?"

"Aa, mayi inu! Mwatsekera fumbi kunja, mwatsekeranso rede yolumikiza makinawa. Zinthuzi zikudutsa mumphepo, chitsulo sizipyola bwino."

"Nanga munandiuza?"

Anatsegula chitseko, anatulutsa chingwe chabuluu m'katoni, n'kulumikiza makina awiriwo mwachindunji. Anazimitsa rede yamphepo, anayambanso. Chingwecho chinali chachifupi, moti ndinagwira tebulo kuti lisasunthe, mpaka mikono inachita dzanzi.

Pagalasi panalembedwa maminiti khumi ndi awiri.

Disko itatuluka ndinaikulunga mumpango n'kuiika pachifuwa. Ndili pakhomo ndinaima.

"Mana Benvinda, komputadori ya kubwalo la milandu ku Zóbuè ndi ya mtundu uti? Idzatsegula?"

"Iyenera kutsegula."

"Sindinafunse zoyenera."

"Sindikudziwa, Dona Ernestina. Sindinaionepo."

Kumsewu kondakitala anali akukuwa kuti Zóbuè, malo amodzi. Ndinathamanga, dzanja lili pachifuwa.