Galu Anadya, Sanafe

Galu wa Mervis anali ndi dzina lalikulu, Tayiga, koma thupi lake linali lomvetsa chisoni. Nthiti zinkawerengeka munthu ali kutsidya kwa msewu, ndipo akafuna kuuwa ankayamba wakhala pansi. Anthu a mu Malota, komboni imene ankakhala, sasunga mawu m'kamwa. Amayi a pampopi ankati galu ndiye amaulula za m'nyumba: akaonda, ndiye kuti eni ake akupala poto mpaka pansi. Mervis ankawamva, ndipo zinkamupweteka chifukwa zinali zoona.

Palibe chimene sanayese. Anamuphikira gaga wothira fumbi la kapenta, anamutolera mitu ya nkhuku kumsika, anamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba. Mwana wake mmodzi yekhayo, Purity, wa giredi thuu, ankabisa theka la chitumbuwa m'thumba la yunifolomu kuti adzapatse galuyo. Tayiga ankameza zonsezo n'kukhalabe mafupa okhaokha.

Loweruka lina masana mwamuna wake Aaron, amene ankawotcherera mageti ndi mawindo, anafika ndi thumba lolemera paphewa. Atalikhuthula m'bafa, ntchentche zinafika ngati zinaitanidwa. Inali nyama ya ng'ombe, yambiri, yoti banjalo linali lisanaionepo chaka chonsecho. Anati wapatsidwa ndi mnzake Litia, amene amaweta ng'ombe kutali uko ku msewu wa Nakatindi, ndipo iye Aaron ndiye anamuthandiza kusenda.

Mervis anayang'ana magazi amene anatsikira pansi pa bafa. Anali akuda, amadzimadzi, osaundana ngakhale nyamayo inali itayenda mtunda wonsewo.

"Ba Aaron, ng'ombe iyi anaipha kapena inafa yokha?"

"Inagwa chabe. Anaipeza m'mawa yatupa. Mwina inadya pulasitiki."

"Ine mwana wanga sadya nyama yofa yokha."

Aaron anaseka. "Iwe waiwala kwathu? Ku Katete nyama yokayikitsa sititaya. Timayamba tapatsa galu. Akadya n'kugona bwino, ndiye kuti ni nyama."

Mervis sanaiwale. Nayenso anakulira komweko, ndipo bambo ake ankachita zomwezo. Anatembenuka n'kuona Tayiga akunjenjemera pakhomo, dovu likuchucha. Apa m'pamene mtima wake unafewa. Anagwirizana kuti nyamayo ailenge, aithire mchere, aiyanike pawaya. Galu ayambe ndiye, ndipo munthu asaikhudze pakamwa mpaka iye Mervis atanena.

Galuyo anadya. Anadya chiwindi, anadya mapapo, anadya matumbo, n'kunyambita mbale mpaka kuigubuduza. M'mawa uliwonse Mervis ankatsegula chitseko mtima uli m'mwamba, poganiza kuti amupeza atauma. Ankamupeza ataima, mchira ukugwedezeka. Sabata lisanathe nthiti zinayamba kubisala, ubweya unayamba kuwala, ndipo tsiku lina anathamangitsa munthu wogulitsa makala mpaka pakona. Amayi a pampopi anasowa chonena. Tinene zoona, Mervis anakondwa. Ankadula zidutswa zazikulu dala, n'kumudyetsera poonekera.

Koma panali kanthu kena. Pamkono wa Aaron panatuluka kachiphuphu koyabwa. Kanasanduka thuza, thuzalo linaphulika, ndipo pakati pake panada bii ngati khala. Mkono unayamba kutupa kuzungulira pamenepo.

"Tiyeni ku kiliniki," anatero Mervis.

"Ni nthethe za weledingi izi. Kangati ndapsa? Ndipo sichipweteka. Gwira uone."

Mervis sanagwire. Chilonda chachikulu chotero chosapweteka chinkamuopsa kuposa chopweteka, koma sanadziwe chifukwa chake.

Aaron naye anayamba kutopa ndi kudikira. Madzulo alionse ankayang'ana nyama ili lendelende pawaya, kenako n'kuyang'ana mbale ya chibwabwa imene Purity ankatosatosa mosafuna.

"Galu wanenepa, mwana akudya masamba. Nzeru zake zili pati? Ukufuna galu achite kulemba kalata?"

"Mawa," anayankha Mervis. Tsiku lotsatira anayankhanso chimodzimodzi. Chifukwa chomveka analibe, anali ndi magazi akuda aja okha amene sankachoka m'maso mwake.

Mervis ankagulitsa tomato mumsika wa Maramba. Tebulo loyandikana nalo linali la Mutinta, mayi wachitonga wogulitsa anyezi, amene anakulira pakati pa ng'ombe ku Kalomo. Tsiku limenelo dzuwa linali lowotcha, ogula anali ochepa, ndipo Mervis anayamba kudzitama za galu wake, mmene wasinthira, mmene akuuwira. Ananenanso za nyama ija, akuseka, kuti yakhoza mayeso a galu.

Mutinta sanaseke. Anasiya kuunjika anyezi.

"Ba Mervis, magazi ake anali bwanji?"

"Akuda. Osagwirana."

"Amene anasenda, alibe chilonda?"

Mervis anakumbukira mkono wa Aaron. Nkhope yake inaulula zonse.

Mutinta analankhula motsitsa mawu. Anati kwawo ng'ombe yotero saiboola n'komwe, amaiwotcha n'kuikwirira pansi kwambiri. Chaka china amalume ake anamva chisoni kutaya ng'ombe yonenepa, anaisenda, anayamba kupatsa agalu. Agaluwo anadya n'kunenepa. Amalumewo anatuluka chilonda chakuda, achipatala anati ndi anthirakisi, anawabaya majakisoni n'kuchira. Koma amene anadya nyamayo inawagwira m'mimba, ndipo ana awiri a m'mudzimo sanafike kuchipatala.

"Galu ali ndi mimba yake, ba Mervis. Nthenda iyo nthawi zambiri imamudutsa chabe. Sangakhale mboni ya munthu."

"Koma tinathira mchere. Yauma padzuwa."

"Mchere ni dzuwa sizipha iyo. Musaphike. Musaigwire ngakhale ni manja."

Mervis anayang'ana manja ake, omwe ankadula nyamayo tsiku ndi tsiku. Kenako anadzilimbitsa mtima: nyama ikadali pawaya, Aaron ali kuntchito, Purity akaweruka amakhala kwa aneba mpaka iye atabwera. Madzulo akaitentha yonse, Aaron akalipe mmene angakalipire.

Ali m'maganizo amenewo anazindikira kuti msika uli zii. Chigayo cha kuseri sichinkalira. Mawailesi a m'mashopu anali chete. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo magetsi akazima wowotcherera alibe ntchito, amabwerera kunyumba. Anaimba foni ya Aaron. Inali yothima.

Tomato anamusiya pomwepo. Sanadikire minibasi. Anathamanga chitenje atachigwira m'manja, patapata mmodzi anaduka, anamusiya mumchenga. Anthu ankamuyang'ana, wina anamufunsa ngati kwagwa maliro, iye osacheuka. Njira yonse ankanena mawu amodzi okha, kupempha Mulungu kuti Aaron akhale atapita kwa anzake kukasewera nsolo.

Fungo linamupeza asanafike pageti. Linali fungo labwino, la nyama yokazinga ndi anyezi, lomwe pa nyumba imeneyo linali litasowa kalekale.

Tayiga ndiye anayamba kumulonjera, wonenepa, wowala, akudumpha ndi mphamvu zake zatsopano. Waya unali ndi mpata waukulu pakati. Pansi pa mtengo wa mango mbaula inali ikufukabe, ndipo Aaron anakhala pampando, mkono wotupa uja atautsamiritsa pabondo, akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Wabwera msanga," anatero mokondwa. "Takusungira yako. Mawa lako lija linatalika."

Mervis sanamuyang'ane. Maso ake anali pa Purity, amene anakhala pamphasa akadali mu yunifolomu, mbale ili mbee pamiyendo, milomo ndi zala zili noninoni ndi mafuta.

"Wadya?" anamufunsa mwanayo.

"Ndadya, amayi, ndawonjezeranso." Mwanayo anamwetulira n'kusisita mutu wa galu amene anadzagona pambali pake. "Atate akuti nanenso ndinenepa ngati Tayiga."

Mervis anamasula chitenje m'chiuno. Mwanayo anali wamkulu, anasiya kuberekedwa kalekale, koma anamunyamula n'kumuponya kumsana, n'kumanga mfundo.

"Nyamukani, ba Aaron. Ku kiliniki, tonse atatu."

"Chavuta n'chiyani? Ona galu ali bwinobwino."

Mervis anali atatuluka kale pageti, phazi limodzi lopanda nsapato. Galuyo anawatsatira mumsewu, mchira uli m'mwamba, ndipo amayi a pampopi anasiya kutunga n'kumamuyamikira mmene wanenepera.