Nyimbo Yachisanu ndi Chiwiri

"Achemwali, imitsani kaye makinawo."

Mayi Singano sanadzutse mutu. Anali pakati pa mpendero wa diresi yobiriwira, phazi likuponda makina mosapumira. "Lankhula, ndikumva. Sindisokera makutu."

Mng'ono wawo, amene ankaluka tsitsi pa saluni ya tsidya la msewu, anasuzumira kuseri kwa katani imene inkagawa shopuyo pawiri. Kutsogolo kunali kosokera. Kuseriko n'kumene amuna awo, aMawaya, ankakonzera mawailesi ndi mafoni. Kunalibe munthu.

"Alamu apita kuti?"

"Akukaitana aOmeta. Chimbale cha Njerwa chatuluka lero, sukudziwa? Chidzukireni akungopukuta masipika."

"N'chimene ndabwerera. Tachimvera kusaluni m'mawa uno." Anatsitsa mawu. "Muli momo, achemwali."

Phazi linaima.

"Ndili muti?"

"Nyimbo yachisanu ndi chiwiri. Kaseti ija. Waiika yonse, ndi kutsokomola komwe mumatsokomola poyamba. Ine chipeso chinandigwa m'manja."

Mayi Singano anayang'ana singano imene inali itaima m'nsalu. Kaseti ija anaijambula ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atadzitsekera m'chipinda, wailesi ili pamiyendo. Nthawi imeneyo Njerwa sanali Njerwa woimba rapu amene ana ndi akulu omwe akumudziwa lero. Anali mnyamata wowonda wa khomo loyandikana nalo, wa shati imodzi, amene ankalemba mawu kuseri kwa mapepala a sopo. Anakondana chaka chathunthu mobisa. Tsiku limene mnyamatayo ankapita kukayesa mwayi kutali, iwo anamupekera nyimbo, n'kulowetsa kasetiyo m'chikwama chake osamuuza. Mnyamatayo sanayankhe. Kuchokera pamenepo Mayi Singano sanaimbenso. Ngakhale m'tchalitchi ankangoyendetsa milomo.

"Watchula dzina?"

"Ayi. Koma mawu ndi anu. Alamu agona nanu nyumba imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, angalephere kuzindikira?"

"Iwe, usafuule."

"Auzeni asanamve. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Kuwauza bwanji? Pamwamba pa shelefu ya mawailesi akufa panali chithunzi cha Njerwa, chofwifwa ndi dzuwa. Tsiku loyamba limene aMawaya anawabweretsa mu shopu muno, akuwafunsira, analoza chithunzicho monyadira. "Mumamudziwa uyu?" Iwo anayankha kuti ayi. Linali bodza laling'ono ngati batani. Koma linakula pamodzi ndi ana awo, ndipo tsopano linali ndi ndevu.

Panja panamveka kuseka kwa amuna awiri. Mng'ono uja anafinya phewa la mkulu wake n'kutuluka, akupereka moni kwa alamu ake mothamanga ngati wasiya mphika pamoto.

"Amayi, tsekani ofesi!" anafuula aMawaya polowa, foni ili m'mwamba. "Zaka zisanu ndi chimodzi mkulu ali chete. Lero walankhula."

"Diresiyi mwini wake akuifuna mawa."

"Diresi ilibe miyendo, siithawa."

AMawaya anali ndi lamulo lawo pa chimbale chatsopano cha Njerwa, ndipo msewu wonse unkalidziwa. Shopu imatsekedwa. Nyimbo zimamvedwa kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha, osabwereza, osatuluka. Ikatha nyimbo iliyonse amaimitsa, aliyense n'kunena mmene waimvera. Ankati kudumpha nyimbo kuli ngati kudula munthu wamkulu pakamwa.

AOmeta, mnzawo wa shopu yoyandikana nayo, anakhala pa benchi akukutumula tsitsi la makasitomala pa thalauza. Mayi Singano anatenga diresi ija ndi singano yapamanja kuti manja apeze chochita. Chitseko chinakankhidwa. M'chipindamo munatsala kuwala kwa pazenera ndi fungo la waya wopserera.

Nyimbo yoyamba inayamba ndi ng'oma yolemera, yochedwa, imene inagwedeza timabotolo ta masikuluwu pa tebulo. Kenako mawu. Anali atasasa, atatsika. Mayi Singano anamva kuti mpweya wa Njerwa sukufikanso kumapeto kwa mzere monga kale.

"Wakalamba!" anatero aOmeta itangotha. "Mwamva kupuma kwakeko? Ngati munthu wokwera masitepe atasenza thumba."

"Galu wamkota sakandira pachabe, achimwene. Mverani mawu, musamvere mapapo."

"Mawu ake ati? Akuti ana a lero sadziwa kulemba. Agogo anganso ankatero."

"Amayi, inu mukuti bwanji?"

"Ili bwino."

"Ili bwino basi? Mwayankha ngati ndakufunsani za mutu."

Yachiwiri inali yothamanga, yoimba ndi anyamata awiri achichepere. AOmeta anavina ndi mapewa, koma aMawaya anakwinya nkhope. Anati mkuluyo wavala nsapato za mwana wake ndipo zikumuthina. Pa yachitatu, imene Njerwa ankadandaula za maondo ndi mapiritsi a m'mawa, onse awiri anaseka mpaka aOmeta anapukuta misozi ndi kolala.

Mayi Singano ankawerenga. Zatsala zitatu. Anadzibaya chala, n'kuyamwa magazi mwakachetechete. Anaganiza zonamizira mutu. Anaganiza zopunthwa dala pa chingwe cha magetsi. Koma aMawaya akanangolumikiza batire la galimoto limene linali pansi pa tebulo, n'kuyambiranso pa nyimbo yoyamba.

Anawayang'ana amuna awo chakumbali. Imvi zinali zitayamba m'mbali mwa makutu. Ankamvera atatsinzina, chala chikugogoda bondo, milomo ikuyesa kutsatira mawu amene anali asanawadziwe. Munthu ameneyu anali asanawabisirepo kanthu, ngakhale tsiku limene anaotcha foni ya kasitomala. Adzati chiyani akadziwa kuti munthu wa pachithunzi, amene amamupukuta fumbi Loweruka lililonse, anagwirapo dzanja la mkazi wake? Kuti zaka zonsezi, iye akufotokoza za Njerwa patebulo, mkaziyo ankangogwedeza mutu ngati mlendo?

"Amayi, mwatuwa bwanji? Mukudwala?"

"Mukutentha muno."

"Titsegule zenera. Koma musatuluke, tili pakatikati."

Yachisanu Mayi Singano sanaimve n'komwe. Yachisanu ndi chimodzi inali ya maliro a mayi ake a Njerwa, mayi amene ankawapatsa moni pa mpopi m'mawa uliwonse. Sankadziwa kuti anamwalira. Itatha, ngakhale aOmeta anaweramitsa mutu. Anangoti, "Apa ndiye wagunda," n'kukanda chibwano.

AMawaya anadina foni.

Panalibe ng'oma. Panamveka kusokosera kwa kaseti yakale, ngati mvula ya patali. Batani linalira. Mtsikana anatsokomola pang'ono. Kenako anayamba, mawu opyapyala, onjenjemera, oyera ngati madzi a m'kapu:

"Pita, koma chitseko usakhome,
ndikamva mphepo ndiziti ndiwe."

Mayi Singano anamva tsitsi likuyenda. Anaona chipinda chija, katani ya maluwa, tambala wa eni nyumba amene ankaopa kuti alira pakati pa nyimbo. Sanayerekeze kuyang'ana amuna awo. Anayang'ana mpendero, koma ulusi unkaoneka pawiri.

Ng'oma inalowa pansipansi, Njerwa n'kuyamba kulankhula, osati kukuwa. Anati kasetiyo anaipeza patapita sabata, pansi pa chikwama. Anati wasamuka nyumba zisanu ndi zinayi, wataya mipando, wataya anzake, koma iyo sanaitaye. Sanayankhe chifukwa ankagona pakhonde la sitolo ndipo ankachita manyazi; manyazi atatha, nthawi inali itatha kale. Anati mtsikanayo anamusokera thumba la shati ndi ulusi wofiira chifukwa woyera unalibe. Dzina sanatchule.

Inatha ndi mawu a mtsikana aja okhaokha, kenako batani.

"Eee, madzi saiwala khwawa!" AOmeta anaomba m'manja. "Mkuluyu akulira chibwenzi cha kalekale. Wosoka ndi ulusi wofiira! Mayi Singano, si inu amenewa?"

Anaseka kwambiri, akumenya benchi. Mayi Singano anayesa kuseka nawo, koma kunangotuluka mpweya.

"Asiyeni amayi," anatero aMawaya. "Awa ngakhale nyimbo ya tsiku lobadwa la mwana amaomba m'manja basi."

Mawu awo anali achilendo. Mayi Singano anadzutsa maso. Amuna awo ankayang'ana sipika, maso atanyowa.

"Achimwene, ine ndakonza mawailesi zaka makumi awiri ndi zisanu. Mwadutsa mawu ambiri m'manja mwangamu. Koma awa ayi. Njerwa pano waluza. Mizere yake yonse ija, mtsikanayu waigwetsa ndi iwiri yokha."

"Mwina anamwalira."

"Ayi, alipo. Ali penapake, akuchapa kapena akugulitsa malonda." Anapukusa mutu. "Mwamuna amene anamukwatira ali ndi mwayi. Amadzuka m'mawa wailesi ili kale m'nyumba."

Kunja wina anagogoda pa chitseko cha shopu ina ija, akuitana wometa. AOmeta anadzuka akudandaula. "Lamulo lanu ndaliphwanya, mundikhululukire. Mutu wa munthu sudikira. Musapitirize ndisanabwere!"

Chitseko chinatsekeka. Anatsala awiri.

Amuna awo sanazindikire. Mayi Singano anadikira kuti mtima ukhale pansi, koma sunakhale. Chimene ankaopa chija chinali chitadutsa osawakhudza, ndipo pamalo pake panabwera china cholemera kuposa. Mwamuna amene ankadziwa kuyenda kwawo ali kutali, amene ankadziwa kuti akwiya pongomva mmene aikira kapu patebulo, anamva mawu awo n'kuwasirira ngati a mkazi wa mwini.

"Amayi, simunanene. Inu mukuti bwanji?"

Akanatha kunena kuti ili bwino. Mawuwo anali kale pa lilime.

"Pa mzere wachiwiri anapumira polakwika," anatero. "Anathamanga. Mabatire ankatha."

AMawaya anaseka pang'ono. "Mabatire? Mwadziwa bwanji?"

"Anali obwereka m'tochi ya bambo anga."

Kusekako kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana mkazi wawo, n'kuyang'ana sipika, n'kuyang'ananso mkazi wawo.

"Ndine, bambo. Ndinali ndisanakudziweni. Tinkakhala moyandikana. Atapita sindinamuonenso, sindinalankhule nayenso. Tsiku lija munandifunsa ndinachita manyazi, ndipo mawa lake zinavuta kuposa dzulo lake."

AMawaya anadzuka, n'kuima pa tebulo lawo atapereka msana. Anatenga wailesi yotsegula m'mimba, n'kuyamba kumasula sikuluwu imene inali yomasula kale. Kuseri kwa khoma makina ometera anayamba kulira. Panadutsa njinga yamoto. Mayi Singano anapinda diresi, n'kuipindulanso.

"Nenani kanthu, chonde. Ngakhale kundikalipira."

"Ana akudziwa?"

"Ayi. Mng'ono wanga yekha."

"Ndiye ine ndinkaima apa, kukufotokozerani kuti anakulira m'nyumba yotani. Inu mukudziwa ndi mtundu wa chitseko chomwe."

"Pepani."

Anaika sikuludiraiva pansi, koma sanatembenuke. "Zoti munamukonda, n'zakale. Zindiwawa, sindinama, mwina mpaka mwezi wamawa. Koma chimene chikundilasa n'china. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ana atatu mwawalera osawaimbira ngakhale kamodzi. Ine ndinkati mkazi wanga alibe mawu, ndisamuvutitse. Lero ndikukumverani pa sipika, pamodzi ndi aOmeta, pamodzi ndi aliyense wa foni."

Anatambasula dzanja n'kuzula chingwe cha masipika pakhoma. Kanyali kofiira kanazima. Anakoka mpando, n'kukhala moweramira wailesi ija, msana udakali kwa mkazi wawo.

Mayi Singano anaika diresi pa makina. Ija ya pakaseti sakanaiimba. Inali ya munthu wina. Anafufuza m'mutu n'kupeza kanyimbo kamene kanawabwerera usiku wina akuyamwitsa mwana woyamba, kamene sanakatulutsepo pakamwa. Anatsegula milomo. Liwu loyamba linatuluka lokhota, losasa, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nyengo zambiri. Anaima, manyazi atawagwira.

"Musaime," anatero aMawaya, osacheuka.

Anayambiranso.