Kuseri kwa Cheke

Lefteris wamatabwa sanadikire n'komwe kuti makina azimitsidwe. Anangolowa m'shedi ya Stavroula n'kumenyetsa kapepala pa mulu wa mabokosi.

"Chabwerera!" anakuwa. "Cheke chako chija. Kubanki akuti m'akaunti ya Babis mulibe ngakhale kakobiri."

Stavroula anazimitsa makina okhomera mabokosi n'kupukuta manja. "Ndiye wabwereranji kwa ine? Analemba chekecho ndi Babis. Ine ndinangokupatsira."

Lefteris anachitembenuza. "Nanga dzina lili kuseriku ndi la agogo anga?"

Linali lake ndithu. Kwathu kuno ku Naoussa ndalama zenizeni timangozimva mbiri. Ntchito umagwira mu Ogasiti, amakupatsa cheke choti ukatape mu Januwale, iwe n'kusaina kuseri n'kulipira nacho mnzako. Chikafika kubanki n'kupezeka kuti mulibe kanthu, wochigwirayo amagwira pakhosi aliyense amene anasaina kuseriko. Stavroula anakhomera mabokosi Babis Tsiligiris, uja wotumiza mapichesi kunja. Malipiro ake anali kapepala kameneka, ka mayuro 18,000, ndipo iye anakapereka kwa Lefteris kulipirira matabwa.

"Lachisanu," anatero Lefteris. "Ukapanda kundipatsa ndalama zogwirika, loya wanga abwera ndi akhoti kudzanyamula makinawa. Mlandu suwola, mayi."

Makinawo anasiya ndi malemu bambo ake. Popanda iwo, shediyo inali denga chabe.

M'mawa mwake linali tsiku la Charalambos Woyera, amene Babis anatengerako dzina, ndiye linali tsiku la chikondwerero chake. Pa tsiku lotere saitana munthu, aliyense amangopita. Ndiye poti Babis analinso wapampando wa bungwe la amalonda, masana amenewo tauni yonse ya mataye inadzaza m'lesitilanti. Ofuna maoda a chaka chino, ofuna ngongole, onse ankapsompsonana m'masaya n'kumapatsana timakadi ta mafoni. Stavroula anagula bokosi la makeke, ndalama ikumupweteka, n'kukaima pamzere.

"Mukhale ndi moyo zaka zambiri, bambo Babis," anatero atafika. Kenaka anatsitsa mawu. "Cheke chija chabwerera. Andilanda makina Lachisanu."

Babis anaika pansi foloko, n'kugogoda tambula ndi mpeni kuti onse akhale chete.

"Tamverani, abale! Mwana wa malemu Kehagias wandibweretsera mphatso. Ena abweretsa vinyo, uyu wabweretsa ngongole. Pa tsiku la woyera wanga! Bambo ako sanakuphunzitse mwambo?"

Anthu anaseka, ndipo chonyansa n'chakuti theka la osekawo Babis anali nawo ngongole. Ankaseka mokweza kuti awaone.

"Thukuta langa ndi limene ndikupempha," anatero Stavroula.

"Kasume. Mlandu adzazenga patapita zaka zisanu, ndipo m'chipinda muno palibe adzakugule ngakhale bokosi limodzi. Ndikunama, abale?" Anamwetulira. "Koma lero ndakondwa."

Anasolola m'chikwama cheke china, cha kampani ina ya ku Veria yosunga zipatso m'mafiriji. Chinali cha mayuro 20,000, chokatapa mu Juni, cholipira aliyense wochibweretsa.

"Zikwi ziwiri zapamwambazo ukagule mafuta odzola, manja akowo akuchita kukanda. Saina lisiti ili kuti ine ndi iwe tathana."

Stavroula anasaina. Babis anachiponya chekecho, chinagwera m'mbale ya mafupa a nkhosa. Stavroula, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, anachitola, n'kuchipukuta mafuta ndi mpango, anthu akuyang'ana.

Pamalo opachika majekete anakumana ndi Foteini, mkazi wa Babis, akusuta.

"Wachitembenuza?" anafunsa Foteini.

Stavroula anatembenuza. Kuseri kunali mbee. Babis sanasaine.

"Kampani imeneyo ndi ya mlongo wanga, ndipo itsekedwa Pasaka isanakwane. Aliyense m'chipindamo akudziwa. Lefteris wakoyo akudziwanso, usadzivute."

"Ndiye mwandipatsa chinyalala?"

"N'chinyalala kwa amene achigwire pomaliza. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera anavina. Iwe wakhala ukuomba zaka zonsezi, sutopa? Peza munthu amene sanali m'chipindamu, ndipo dzina lako lisakhudze kuseriko. Ndakuuza chifukwa mayi ako anali mnzanga."

Munthu amene sanali m'chipindamo Stavroula ankamudziwa. Anayesa kumuchotsa m'mutu, koma Lachinayi m'mawa anapezeka akugogoda pakhomo pake.

Munthuyo anali Thanasis, bambo wake waubatizo, amene anamunyamula kutchalitchi ali khanda n'kumupatsa dzina. Stavroula ankawaitana kuti Nono. Mkuluyo anali atagulitsa munda wawo wa mapichesi kuti azilipira mayi wosamalira akazi awo, a Evdokia, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndalamazo ankasunga m'nyumba, poti chitsekereni mabanki chaka cha mavuto a zachuma chija, sanawakhulupirirenso.

"Taonani yemwe wabwera!" anafuula mkuluyo. "Evdokia, kamwana kathu kaja kakumbuka njira! Khala, ndikuphikire khofi. Waonda iwe, ukudya misomali?"

Anakondwa mochititsa chisoni. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Stavroula anafotokoza za Lefteris ndi za Lachisanu, zonse zoona. Kenaka anatulutsa chekecho. "Ichi n'cha zikwi makumi awiri, Nono, koma n'cha mu Juni. Mundipatse khumi ndi zisanu ndi zitatu lero, ziwiri zotsalazo zikhale phindu lanu."

"Phindu? Pa mwana wanga? Usandinyoze. Mu Juni ndikatapa, ziwirizo ndidzakubwezera." Anayang'ana kuchipinda kumene kunagona akazi awo. "Za wosamalira mayi akowa zilipo zofika mu Juni. Zikwana ndendende. Kampaniyi ndi yabwino, eti?"

"Ndi ya achibale a Babis."

"Basi, anthu akuluakulu amenewo."

Anabwera ndi chitini cha mabisiketi, n'kuwerenga ndalamazo akunyowetsa chala. Stavroula mtima unamuwawa, manyazi anamugwira. Anatulutsa cholembera, n'kutembenuza chekecho patebulo. Akanasaina, mlandu wonse ukanadzabwerera kwa iye, ndipo mkuluyo akanakhala ndi pogwira.

Thanasis anakankha dzanja lake akuseka. "Ukuchita chiyani? Dzina limenelo ndinakupatsa ndine, mafuta a ubatizo ali m'manja mwangamu. Ndilifunirenji papepala?"

Panatsala mawu awiri okha oti anene: ayi, ndisaine. Stavroula anabweza cholemberacho m'chikwama, n'kumaliza khofi wake. Mkuluyo anakabisa chekecho kuseri kwa chithunzi cha Maria Woyera.

Lachisanu Lefteris analandira zake. Nkhani siigona m'tauni muno, moti sabata yotsatira Babis anaimba foni yekha.

"Ndamva kuti waphunzira kuvina," anatero. "Chaka chino ndikufuna mabokosi ochuluka kuposa aja. Ndipo pa nkhomaliro ya bungwe uzikhala patebulo lathu."

Stavroula anati zikomo.

Kampani ya ku Veria inatsekedwa sabata ya Pasaka. Patapita masiku angapo Thanasis anafika kushedi, atavala jekete la kutchalitchi, kapepala kali m'manja. Anali atapita kubanki, kwa loya, ndi kwa Babis kumene anamusiya pageti.

"Mwanangu," anatero, "akuti kampaniyo kulibe. Akuti ndifunse amene anasaina kuseri. Wosamalira mayi ako a Evdokia ndamuuza kuti mwezi wamawa asabwerenso, ndiziwatembenuza ndekha pabedi." Anamulozetsa kapepalako. "Maso angawa atha. Tandiwerengera, palembedwa dzina la ndani apa?"

Stavroula sanachilandire chekecho. Anangosuzumira.

"Palibe dzina, Nono."

Mkuluyo anamuyang'ana m'maso. Kenaka anati, "Unkadziwa?"

Matabwa a oda ya Babis anali atadzaza mpaka pakhomo. Stavroula anatembenuka n'kuyatsa makina.