Sawatcha ya Dzanja Lamanzere

Mu Leeds monse munalibe wojambula wondiposa, ndipo sindinkabisa. Mu 1915, a usilikali atafuna chithunzi chomata m'makoma choitanira amuna kunkhondo, ntchito anaipereka kwa ine, Enid Garbutt, ojambula aamuna asanu atangoti kukamwa yasa. Anandichenjeza kuti ndikalakwitsa, sadzandipatsanso ina.

Ndinajambula mwamuna wanga Wilf, yemwe anali atangolembetsa kumene usilikali. Anaima masiku atatu akuchita sawatcha, yunifolomu ikununkhirabe kusitolo.

Ife timajambula pamwala wosalala, ndipo podinda papepala zonse zimatembenuka, zakumanja zimapita kumanzere. Zilembo ndinazilemba chotembenuza monga mwa nthawi zonse. Za mkono ndinaiwala.

Pepala loyamba litatuluka, bambo Ackroyd, mkulu wodinda, anavula magalasi.

"Mwanawe, msilikali wakoyu ndi wa dziko liti? Kuno sawatcha ndi dzanja lamanja."

Kujambulanso mwala ndi milungu iwiri, ndipo Meja Thackray, wodzavomereza ntchitoyo, ankabwera masana omwewo.

"Ndipatseni chopalira, bambo."

"Ukufuna upale manyazi?"

"Inu ingoonani."

Ndinapala mkono wolendewerawo, womwe papepala unkaoneka wamanja, kuyambira pachigongono, n'kujambula malaya opindidwa, omangidwa ndi pini. Mawu akale ndinawafuta, n'kulemba ena: UYU WAPEREKA WAKE. NANGA IWE?

Meja anafika ndi ndevu zake zopotana, nayang'ana pepala latsopanolo nthawi yaitali.

"Mayi, mwandibaya pamtima. Maganizo amenewa munawatenga kuti?"

"Amangobwera okha, bwana," ndinatero, bambo Ackroyd akutsokomolera m'chipewa.

Ntchito inapulumuka, n'kubweranso zina ziwiri. Ndinkayenda m'tauni mapewa ali m'mwamba, chithunzi changa chili pakhoma lililonse, ngakhale pa shopu ya nsomba ndi tchipisi.

Tsiku loti Wilf anyamuke, tinachipeza pasiteshoni, chachikulu ngati chitseko. Anzake anafa nalo phwete.

"Garbutt, bwerera kunyumba, iwe zako zatha kale!"

Wilf anadziyang'ana pakhomapo, kenaka n'kundiyang'ana.

"Mkazi wanga, Ajeremani sanandione n'komwe, iwe wandidula kale?"

"Ndakusiyira wina. Ukufuna ingati?"

Tinaseka tonse, kupatula apongozi anga. Iwo anandikokera pambali, nkhope ili gwa.

"Mwana wanga ndinamubereka ndi mikono iwiri. Akabwera ndi umodzi, uzikadya naye iweyo ulemerero wakowo."

Ndinachita mantha, mantha enieni, oyamba chiyambire nkhondoyo.

Sitima inaliza wezulo. Wilf anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kutibayibitsa ndi dzanja lamanja. Ndinathamanga m'mbali mwa sitimayo ndikukankha anthu, maso anga ali padzanja limenelo, ndikuwerenga zala zake zonse zisanu mpaka utsi unaliphimba.