Kebulo ya Pampu ya Kudamu

Alick anali chogwada, mutu uli kunsi kwa bedi, akukoka zinthu chimodzichimodzi: nsapato zakutha, dengu, batire lakale. Chimene ankafunacho munalibe.

"Ezelina, kebulo ija ili kuti?"

Mkazi wake anayankha ali pakhomo, akubereka mwana. "Chingwe chakuda chija? Atenga ababa m'mawa. Akuti akamangire feteleza pa ngolo."

Alick anadzambatuka nkuthamangira njinga yake.

Iye ndiye ankayang'anira zamagetsi pa esiteti ina ya fodya ku Kapelula. Pampu yothirira nazale sinkayatsidwa ndi dzanja ayi, inkamvera kabokosi ka kompyuta, ndipo pakati pa ziwirizi pankadutsa kebulo. Makebulo wamba ankatha ngati sopo. Akapanda kudyedwa ndi makoswe, dzimbiri linkawagwira polumikizira. Alick anamukhalira pakhosi manijala wake, bwana Grey, mpaka anaitanitsa kuchokera kunja kebulo yolimba, yokhala ndi timitu tachitsulo tosalowa madzi. Inafika dzulo lake, wosunga makiyi a sitolo ya pa esiteti atathawira ku mzere wa makuponi a feteleza ngati wina aliyense. Ndiye Alick anapita nayo kunyumba, kumudzi kwa mkazi wake kumene ankakhala pachikamwini. Kukamwa nako sikunamuthandize. Anaionetsa apongozi ake, a Zakeyo, nkumadzitama kuti imeneyi ngakhale ng'ombe singaidule.

Anapalasa njinga ngati akuthawa moto, kulowera kudepoti ya feteleza. Kudepoti kunali fumbi ndi anthu okhaokha, ena atagona pamzere ndi mabulangete awo. A Zakeyo anawapeza pansi pa mthethe, ngolo itadzaza matumba awo ndi a anzawo a m'mudzi. Kebulo inali itakulunga katunduyo bwinobwino, mfundo zake zaukatswiri. Alick anatsamiritsa njinga, anavula chipewa, nanjuta chapatali.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, bambo a Tiyamike. Koma chingwe chanuchi nchachimuna. Malegeni onse aja tinkangodzivuta nawo."

"Nanga timitu take tija, bambo?"

"Timasokoneza pomanga mfundo. Ndatidula ndi chikwanje, komatu pa chitsa, ndipo thukuta linatuluka. Simunaname dzulo paja." Mkuluyo anapisa m'thumba la jekete natulutsa timitu tiwiri tonyezimira. "Sindinataye. Ndimati mdzukulu wanga aziseweretsa."

Mawu anamufika Alick pakhosi, ambiri, otentha. Koma munthu amene anali patsogolo pakeyo ndiye anamupatsa malo omangapo nyumba, komanso anthu a m'mudzi anali atatchera khutu. Analandira timituto ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo," anatero. Zikomo wa chiyani, iye mwini sanadziwe.

Anapempha kebuloyo mwaulemu, nagula chingwe cha khonje kuti amangirenso ngolo. Kudamu, kumene kunali pampu ija, anayesa zonse. Mkati mwa kebulo munali timawaya tating'ono ngati ulusi, ndipo anatipota kamodzikamodzi, kukulunga ndi tepi, kulumikiza. Kabokosi kankangophethira kagetsi kofiira. Anamasula nkuyambiranso, mpaka zala zinachita matuza, koma pampu inali duu. Dzuwa la Okutobala silinadikire munthu. Mbande zinayamba kuwerama, ndipo oti athirire ndi makeni panalibe, matenanti onse anali kudepoti komweko.

Bwana Grey anafika ali ndi mbande yofota m'manja. Anayang'ana kebulo yomata ndi tepiyo kwa nthawi.

"Awa si makoswe, Alick. Makoswe a ku Kapelula sayenda ndi zikwanje."

"Ayi, bwana."

"Unandisowetsa tulo ndi kebulo imeneyi. Kuti ina ifike, nazale idzakhala itasanduka bwalo la mpira. Eni esiteti ndikawauza chiyani?" Anataya mbande ija pansi. "Tchula dzina. Apolisi akamutenge, ine ndikanene kuti inabedwa, iwe upitirize ntchito. Apo ayi, mlandu ndi wako."

Alick anaona m'maganizo mwake a Zakeyo atakwezedwa pa galimoto ya apolisi, mudzi wonse ukuonerera, Ezelina akulira pakhomo. Anawakwiyira mkuluyo, anamukwiyira wamakiyi, koma koposa anadzikwiyira yekha.

"Palibe wakuba, bwana. Ndine ndinaisunga posayenera."

"Ndiwe wopusa kapena ukubisa munthu?"

Alick anayamba kutolera zipangizo zake.

"Chabwino. Siya ovololo ndi zipangizo mu ofesi."

Anabwerera kumudzi akukankha njinga, mphamvu zopalasa zitamuthera. Anapeza ngolo itaima pabwalo, a Zakeyo akumasula chingwe, Ezelina akukonza potsitsira matumba.

"Mwaweruka msanga lero, bambo a Tiyamike."

"Ntchito yatha, bambo."

"Yathiratu?"

"Eya."

A Zakeyo anapukusa mutu. "Pepani. Ntchito za pa esiteti nzotero, sizichedwa kutaya munthu." Kenaka anasisita thumba limodzi, nkhope ikuwala. "Komabe musadandaule. Chaka chino feteleza tili naye, chikusowa ndi manja basi. Mawa tilawirire kumunda wa kumtunda uja, mizere ikudikira."

Ezelina anaona timawaya tomwe tinkasuzumira m'thumba la malaya a mwamuna wake, nagwira pakamwa. Alick anamupukusira mutu pang'ono kuti asanene kanthu. Kenaka anawerama nasenza thumba loyamba.