Mtsikana Amene Ankalembera Mlongo Wake za ku Koleji

Nkhani iyi anandiuza ndi wosoka nsapato wina pa depoti ya basi, uku akundikhomera chidendene chomwe chinaguluka panjira.

Akuti mtsikana wina ndi mlongo wake wamng'ono analemba mayeso chaka chimodzi. Mtsikanayo ndiye anakhoza bwino kwambiri, koma ku koleji anatenga mnyamatayo. Ati nyumba yogona atsikana inali imodzi yokha ndipo inali itadzaza, pomwe za anyamata zinali mbwee.

Bambo awo sanadandaule. "Iwe khala mushopu muno," anatero. "Uzimuthandiza mlongo wakoyu. Setifiketiyo idzakhala ya tonse."

Kuthandizako kunakula. Loweruka mnyamatayo ankabwera ndi mabuku n'kuwaunjika pakauntala, pakati pa sopo ndi machesi.

"Achemwali, izi akuzifuna Lolemba."

Akatero, uyo ku mpira. Mtsikanayo ankawerenga n'kumalemba makasitomala akachepa. Ku koleji aphunzitsi ankamutama mnyamatayo kuti ali ndi mutu.

Chaka chomaliza mnyamatayo analowa mushopumo ndi chibwenzi chake. Sanaone kuti mlongo wake wagwada kuseri kwa kauntala akulongedza makatoni.

"Ine mkazi ndimafuna wasukulu ngati iwe," anatero. "Osati ngati achemwali anga, amangodziwa mtengo wa mchere."

Mtsikanayo sanadzuke. Anapitiriza kulongedza.

Itafika ntchito yaikulu yotsiriza, ija amapatsira munthu digiri, mtsikanayo anasankha buku limodzi lakale pamuluwo. Linali lolembedwa ndi mphunzitsi yemwe ankayenera kuchonga ntchitoyo. Anakopera chigawo chonse liwu ndi liwu, mosamala ngati akusoka diresi laukwati. Mnyamatayo anakapereka osawerenga, monga mwa chizolowezi chake.

Mphunzitsi uja anamuitanira mu ofesi.

"Izi walemba wekha?"

"Ndekha bwana, ndi mutu wangawu."

"Ndiye kuti ine ndinakubera iwe usanabadwe?"

Anamuchotsa sukulu tsiku lomwelo.

Kunyumba kunali ngati kwagwa maliro. Bambo aja analowa mushopu lamba ali m'manja.

"Watipha iwe! Magazi ako omwe! Unamulodza ndiwe eti?"

"Bambo, pitani mukawauze kuti ndinalemba ndine," anatero mtsikanayo, osasiya kupukuta sikelo. "Mukawauzenso kuti ndinayamba liti. Mwina andiganizira, poti tsopano bedi limodzi latsala lopanda munthu."

Bambowo anayima pakhomopo mpaka kasitomala anawapempha kuti amupatse njira. Ku koleji sanapiteko. Mtsikanayonso malo sanawapeze, ali mushopu momwemo, ndipo mlongo wakeyo ndiye amatsitsa makatoni m'galimoto.

Wosoka nsapatoyo analumbira kuti tsiku limenelo mtsikanayo anaseka mpaka misozi. Apo ndiye ndikukayika. Ndayenda, anthu obwezera ndawaona ambiri, koma woseka sindinamuonepo.