Chikepe Chosaona Zitseko

Chikepe chitagwedezeka n'kuyamba kukwera, woyang'anira nyumba yosanjayo anaomba m'manja.

"Mwachiukitsa, amisiri. Anthu anditukwana mokwanira pamasitepe, ngati ndinachilodza ndine."

Mayi wokonza zikepeyo sanaseke. Anali atakhala pansi m'kachipinda ka injini padenga, laputopu ili pamiyendo, chingwe chake chitalowa m'kabokosi koyendetsa chikepe. Kachipangizo kosunga pulogalamu kanali katapsa, ndipo katsopano kanali kasanafike. Choncho iye analowetsa kapulogalamu koyesera mwachindunji mu memore ya kabokosiko, imene imaiwala zonse magetsi akangozima.

"Sichinachire, bambo. Ndikungoyesa injini. Kapulogalamu aka kamamva mabatani, koma sikaona ngati zitseko zatsekeka. Chikhoza kunyamuka munthu mwendo umodzi uli kunja."

"Ndiye azilowa modumpha," anatero bamboyo akuseka. "Musazimitse. Agogo a chipinda chapamwamba aja akufunika kuchipatala lero. Mdzukulu wawo wandiimbira mpaka foni kutentha."

"Ndikamaliza kuyesa ndizimitsa."

Kuseka kuja kunatha. "Mukatero, ndiwauza abwana anu kuti chimayenda, inu mwachipha dala. Tione ngati mawa mudzavalenso ovolosi imeneyo."

Mayiyo anayang'ana swichi yaikulu ya pakhoma yozimitsira chikepe. Abwana ake ankawadziwa bwino, sankadikira kumva mbali yachiwiri.

Injini inaima. Pansi pa mapazi awo panamveka zitseko zikutseguka, kenako kulira kwa matayala a njinga ya odwala.

"Pang'onopang'ono, agogo," anamveka mawu a mtsikana. "Tayala lakodwa pakhomopa. Dikirani ndikweze."

"Ndinawatumizira uthenga kuti chayamba," ananong'ona bamboyo, maso ali kumbali.

Pa laputopu panatuluka mzere watsopano: wina pansi penipeni anali atadina batani loitanira chikepe. M'kabokosi munalira kuti tche, chikepe chikufuna kunyamuka.

Mayiyo anadzambatuka, laputopu n'kugwera pasimenti, ndipo anakoka swichi ija ndi manja onse awiri. Mabuleki anagwira. Timagetsi ta kabokosi tinazima, kapulogalamu kaja n'kupita nato.

Mtsikana uja anafunsa chapansipansi ngati magetsi athima.

Bamboyo anali atayamba kale kufufuza nambala ya abwana aja pafoni yake.

"Imbani, bambo," anatero mayiyo akupinda manja a ovolosi. "Mukamaliza mubweretse mpando wolimba, tiwatsitse agogowa pamasitepe. Ine ndigwira kumiyendo."